Timbalame toimba ta m'nkhalango za m'mapiri: mafunso ndi mayankho pa kagawidwe ka mitundu

Mukakwera phiri la Zomba kapena la Mulanje m'mamawa nkhungu isanayere, mumamva timbalame tambiri tikuimba koma n'kuonapo kamodzi kapena tiwiri. Tambiri n'tating'ono, ta nthenga zofanana ndi masamba, ndipo timakonda m'ziyangoyango momwe dzuwa silifika. Timbalame timeneti takhala tikuzunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoposa 100. Munthu akayamba kutsegula mabuku a mbalame amapeza kuti kambalame kamodzi kali ndi mayina atatu, buku lina likuti ndi mtundu paokha, lina likukana. Mafunso ali m'munsiwa amachokera pamenepo.

Kodi mbalame zoimba ndi ziti, popeza mbalame iliyonse imalira?

Kulira zimalira zonse, koma akatswiri akamati zoimba sanena za kukoma kwa mawu. Akunena za chibale. Padziko lonse pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, ndipo yoposa theka ili m'gulu lalikulu lotchedwa Passeriformes, la mbalame zotera m'nthambi, za zala zitatu zoloza kutsogolo ndi chimodzi kumbuyo. Mkati mwa gululi ndimo muli zoimba zenizeni. Izi zili ndi kachiwalo kotulutsira mawu ka timinofu tambiri, kamene kali pomwe njira ya mpweya imagawikana polowera ku mapapo, ndipo zambiri nyimbo zimachita kuphunzira kwa zikuluzikulu monga mwana aphunzirira kuyankhula.

Choncho pumbwa, timba, mpheta, nthengu ndi namzeze ndi zoimba. Khwangwala naye ali momwemo ngakhale mawu ake ndi osasa. Njiwa siili m'gululi.

Nanga mayina a Chilatini aja amayenda bwanji?

Ganizirani za mfunda ndi dzina. Munthu akati ndine Phiri watiuza mtundu wa kwawo, akaonjezera dzina lake ndiye tadziwa kuti ndi Phiri uti. Dzina la sayansi nalo lili pawiri: loyamba ndi la fuko, lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo. Apalis thoracica ndi Apalis flavigularis ndi fuko limodzi, mitundu iwiri. Mafuko apachibale amapanga banja, ndipo dzina la banja limathera ndi -idae, monga Cisticolidae, banja la a Apalis ndi atimba ambiri a m'maudzu. Kachitidwe ka mayina awiri kameneka kanakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo mayina a nyama amayambira kuwerengedwa pa buku lake la mu 1758.

Pali dzina lachitatu limene limaikidwa pamene mbalame za dera lina zikusiyanako ndi zinzake koma osati mokwanira kutchedwa mtundu wina. Imeneyi tingaitche nthambi ya mtundu. Mikangano yambiri ya timbalame ta m'mapiri yagona apa: kodi dzina lakuti likhale lachiwiri kapena lachitatu?

N'chifukwa chiyani ta m'mapiri ndito tovuta kugawa?

Chifukwa kwa kambalame ka m'nkhalango yobiriwira chaka chonse, phiri lililonse ndi chilumba. Nkhalango zoterezi zimamera pomwe pali chinyezi cha mvula ndi chiperoni: m'zigwa za Mulanje, pa Zomba ndi Malosa, Thyolo, Dedza, Ntchisi, Viphya, Nyika ndi Misuku. Pakati pa mapiriwa pali tchire la miombo, minda, ndi chigwa chotentha cha Shire. Kambalame kozolowera mthunzi sikafuna kuuluka pamtetete ngakhale mtunda waufupi. Kuchokera pa Zomba mumaliona bwinobwino phiri la Mulanje kukacha bwino, koma kwa timbalame tina mtunda umenewo uli ngati nyanja.

Amene amadziwa za nsomba za mbuna za m'nyanja ya Malawi amva msanga. Mbuna za pamiyala ya chilumba china sizidutsa pamchenga kupita pa miyala ina, ndipo m'kupita kwa nthawi gulu lililonse limakhala ndi mawanga akeake. Timbalame ta m'mapiri n'chimodzimodzi.

Chimene chimasokoneza n'chakuti zilumbazi sizinakhale zolekana nthawi zonse. Nyengo ya mu Africa yakhala ikusinthasintha, nthawi zina yachinyezi, nthawi zina yowuma kwambiri. Matope amene anakumbidwa pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005 anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa zimene zinaphwetsa nyanjayi ndi mamita mazanamazana. Nthawi zowuma nkhalango zinkathawira pamwamba pa mapiri, nthawi zachinyezi zinkatsika n'kuyandikirananso. Ndiye pali magulu ena amene analekana kalekale, ena posachedwapa, ena analekana n'kukumananso. Mbalame ziwiri zikhoza kufanana nthenga pomwe zinasiyana kale kwambiri, zina n'kusiyana nthenga pomwe ndi zapachibale chapafupi. Diso lokha silikwanira.

Kodi ndi zoona kuti Malawi ali ndi mbalame yosapezeka kwina kulikonse?

Inde, koma yankho lake lili ndi mchira. Mwa mitundu pafupifupi 650 ya mbalame imene inalembedwa m'Malawi, umodzi wokha ndi umene mabuku ambiri amati ndi wa Malawi yekha: Apalis flavigularis, imene pa Chingerezi amati Yellow-throated Apalis. Ndi kambalame kakang'ono, kobiriwira kumsana, kakuda kumaso, kachikasu chowala kukhosi ndi kumimba, kokhala ndi mkanda wakuda pachifuwa. Kamapezeka pa Mulanje, pa Zomba ndi pa Malosa basi. George Ernest Shelley ndiye anakapatsa dzina mu 1893.

Mchira wake ndi uwu. Kuchokera ku South Africa mpaka ku Tanzania kuli kachibale kake, Apalis thoracica, kamene kali ndi nthambi zambiri, ndipo kuno kamapezeka m'mapiri monga Dedza, Viphya ndi Nyika. Nako kali ndi mkanda wakuda pachifuwa koma khosi lake ndi loyererapo. Kwa zaka zambiri ka ku Mulanje ndi Zomba kankawerengedwa ngati nthambi chabe ya kameneka. Robert Dowsett ndi Françoise Dowsett-Lemaire, amene anayenda m'nkhalango za Malawi kwa zaka zambiri akumvetsera ndi kujambula nyimbo za mbalame, anali kumbali yoti ndi mtundu umodzi, ndipo maganizo awo si opepuka chifukwa nyimbo za timbalameti n'zofanana kwambiri. Bungwe loteteza mbalame la BirdLife International ndi ena anakapatula kuti ndi mtundu paokha poona kusiyana kwa nthenga.

Nkhani yomweyi inachitikira abale ake awiri. Pa phiri la Namuli ku Mozambique pali Apalis lynesi wa khosi lakuda, amene Jack Vincent anamupeza mu 1932, ndipo akatswiri sanamuonenso mpaka ulendo wa mu 1998. Ku mapiri a Taita ku Kenya kuli Apalis fuscigularis. Onse atatu amalowa ndi kutuluka m'gulu la thoracica malinga ndi buku limene mwagwira. Ine ndili kumbali yowapatula, chifukwa chimene ndifotokoze kutsogoloku.

Tsono amaweruza ndi chiyani kuti uwu ndi mtundu wina?

Muyeso wotchuka ndi wa Ernst Mayr wa mu 1942: mbalame ndi za mtundu umodzi ngati zimakwerana mwachilengedwe n'kubereka ana obereka. Muyesowu umathandiza pamene magulu awiri akukhala m'nkhalango imodzi, chifukwa mumangoona ngati akusakanikirana kapena ayi. Koma ka ku Zomba ndi ka ku Dedza sitikumana n'komwe. Palibe angaone ngati tingakwerane. Akatswiri amayenera kuweruza potengera zizindikiro.

Chizindikiro choyamba ndi thupi: mtundu wa nthenga, utali wa phiko, mlomo ndi mchira, zimene amayeza pa zikopa zosungidwa m'nyumba zosungiramo zakale monga ya ku Tring ku England. Chachiwiri ndi nyimbo. M'nkhalango yamdima mbalame zimazindikirana ndi mawu kuposa maso, choncho wofufuza amatenga nyimbo ya ku phiri lina n'kukaiimba pa sipika m'phiri lina. Tambala wa kumeneko, ndiye kuti mbalame yaimuna, akabwera mwaukali kudzathamangitsa mlendo, ndiye kuti wamumva ngati mnzake. Akapanda kulabadira, n'kutheka kuti ndi mitundu iwiri. Chachitatu ndi DNA, imene imasonyeza amene ali pachibale ndi yani komanso kuti analekana liti.

Zitatuzi sizigwirizana nthawi zonse, ndipo DNA siinena kuti malire ali apa. Imangoonetsa kukula kwa kusiyana, wodula mzere ndi munthu. Mu 2010 Joseph Tobias ndi anzake anakonza njira yopereka mapointi pa kusiyana kwa nthenga, mawu ndi kukula, ndipo BirdLife inaitsatira. Ena amatsamira kwambiri pa DNA. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri panali mindandanda ingapo ya mbalame za padziko yosagwirizana, monga wa IOC, wa Clements ndi wa BirdLife. Mu 2025 unatuluka mndandanda wogwirizanitsa wotchedwa AviList, wa mitundu 11,131. Umenewu uchepetsa chisokonezo, ngakhale nawo uzisinthidwa umboni watsopano ukamabwera.

Mbalame ya ku Thyolo ija ili ndi mayina atatu m'mabuku. Lolondola ndi liti?

Mukunena Thyolo Alethe, mbalame yofiirira kumsana, yotuwa kumimba, ya khosi loyera ndi timadontho toyera kunsonga kwa mchira. Imakhala pansi m'nkhalango ndipo moyo wake unamangika pa linthumbu. Linthumbu likamayenda, tizilombo ta m'masamba timabalalika pothawa, ndipo mbalameyi imangodikirira chapafupi n'kumatola.

William Lutley Sclater anaitcha Alethe choloensis mu 1927. Kafukufuku wa DNA anadzaonetsa kuti fuko la Alethe linasonkhanitsa mbalame zosakhala pachibale chenicheni, zimene zinangofanana chifukwa zonse zimatsata linthumbu. Dzina la Alethe linatsalira mitundu ya ku Africa ya kumadzulo ndi pakati, ndipo inayi inayo inapatsidwa dzina latsopano la Pseudalethe mu 2003. Pambuyo pake zinadziwika kuti gulu lomweli linali kale ndi dzina, Chamaetylas, la mu 1860. Lamulo la mayina a nyama limati dzina lakale ndilo limapambana, ngati mmene mwana woyamba sangalandidwe ukulu. Lero dzina lake ndi Chamaetylas choloensis. Banja nalo linasintha: kale inali mu Turdidae, tsopano ili mu Muscicapidae.

Mawu oti choloensis akuchokera ku Cholo, mmene atsamunda ankalembera Thyolo. Dzina la sayansi likalembedwa silikonzedwanso ngakhale kalembedwe ka malowo kasinthe. Kumpoto, ku Nyika ndi Misuku, kuli mbale wake Chamaetylas fuelleborni, wa chifuwa choyera mbee.

Pali mbalame zimene akatswiri analephereratu kuzipezera abale?

Zilipo, ndipo imodzi ili kwathu konkuno. M'nkhalango za Misuku ku Chitipa ndi m'mapiri a ku Tanzania muli Modulatrix stictigula, kambalame kofiirira ka timadontho kukhosi, kobisala kwambiri koma ka mawu okweza zedi. Kwa zaka zambiri kanasamutsidwa kuchoka m'banja lina kupita m'banja lina osakhazikika. Mnzake ndi Arcanator orostruthus wa pa Namuli, pa Mabu ndi m'mapiri ena a ku Tanzania, amene Vincent pomupatsa dzina mu 1933 anamuyesa wa m'banja la apumbwa.

DNA itayezedwa, zinapezeka kuti awiriwa pamodzi ndi wachitatu wotchedwa Kakamega poliothorax ndi mphukira yakale kwambiri yoima payokha, ndipo pakati pa achibale awo apafupi pali mbalame za michira italiitali zoyamwa timadzi ta maluwa za kumwera kwa Africa, za fuko la Promerops. Palibe akanaganiza zimenezi poyang'ana maonekedwe. Mu 2015 atatuwa anapatsidwa banja lawolawo, Modulatricidae. Banja lonse la mbalame, mitundu itatu yokha, ndipo umodzi ukuimba m'nkhalango ya ku Misuku.

Nanga apumbwa a m'nkhalango amene amaoneka ofanana onse?

Awa ndiwo amatopetsa oyamba kumene. Ndi abale a pumbwa wa pakhomo, a m'banja la Pycnonotidae, koma obiriwira motuwira. Ambiri kale ankaunjikidwa m'fuko la Andropadus, mpaka DNA inaonetsa kuti mulu umenewo ndi wosakaniza, ndipo a m'mapiri anapita ku Arizelocichla. Mmodzi ndi Arizelocichla milanjensis, wotchedwa dzina la phiri la Mulanje, wa mutu wotuwa ndi timizere toyera m'masaya, amene amapezekanso m'mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe. M'mapiri ena a Malawi muli wofanana naye wa mutu wobiriwira, olivaceiceps, amene mabuku ena amamupatula, ena amamuphatikiza.

Ndipo si kuti zonse zinatha kupezeka. Mu 2006 akatswiri analengeza mtundu watsopano, Batis crypta, wa m'mapiri a kumwera kwa Tanzania ndi ku Misuku, umene kwa zaka zambiri unkasokonezedwa ndi mnzake.

Bwanji mayina ambiri ndi a azungu? Eni dziko sankazidziwa mbalamezi?

Ankazidziwa. Koma dzina la sayansi limapatsidwa ndi amene walemba ndi kusindikiza, ndipo nthawi imeneyo olemba anali ku London ndi ku Berlin. Alexander Whyte, amene analembedwa ntchito ndi Harry Johnston mu 1891, ankatumiza zikopa za mbalame za ku Zomba ndi Mulanje ku England, ndipo dzina lake lili ngakhale pa mkungudza wa pa Mulanje, Widdringtonia whytei. Dzina la fuelleborni ndi la dokotala wa ku Germany, Friedrich Fülleborn. Phyllastrephus alfredi akukumbukira bwanamkubwa Alfred Sharpe. Nthambi yotchedwa belcheri ndi ya Charles Belcher, amene anali woweruza milandu mu Nyasaland.

Dzina limene ndimafuna Mmalawi aliyense wokonda mbalame alidziwe ndi la a Jali Makawa. Anabadwira ku Mozambique, anakulira ku Nyasaland, ndipo anagwira ntchito kwa zaka zambiri ndi C. W. Benson, amene analemba zochuluka za mbalame za Malawi ndi Zambia. A Makawa anali ndi khutu lodabwitsa pozindikira mbalame ndi mawu okha. Mu 1945 ndiwo anakwera mapiri a Njesi m'chigawo cha Niassa ku Mozambique n'kubwerako ndi kambalame ka mlomo wautali ka fuko limene lero limatchedwa Artisornis, kamene abale ake apafupi ali kutali kwambiri ku mapiri a Usambara ku Tanzania. Kameneko nako mpaka lero ena amati ndi mtundu paokha, ena nthambi. Mu 1958 anapita ndi Benson ku zilumba za Comoros. Mu 1964 anapeza kambalame kena kumpoto chakumadzulo kwa Zambia kamene kanatchedwa Pogoniulus makawai powalemekeza. Zambiri zimene zili m'mabuku pansi pa mayina a ena zinadutsa m'manja ndi m'makutu mwa anthu ngati iwowa, ndipo ambiri mayina awo sanalembedwe.

Kodi timbalameti tili ndi mayina a Chichewa?

Mayina athu nthawi zambiri amagwira gulu lonse. Timba amakwanira timbalame tambiri tating'ono tofiirira, pumbwa amakwanira abale ake angapo. Uku si kulephera kwa chinenero. Anthu amapatula mayina pa zimene amakumana nazo tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake tili ndi mayina ambirimbiri a bowa, mbewa ndi nsomba. Kambalame kokhala m'kati mwa nkhalango pamwamba pa phiri kamakumana ndi anthu ochepa: alenje, ofula njuchi, ocheka matabwa, onyamula katundu wa alendo. Kufunsa anthu amenewa m'Chilomwe, Chiyao, Chitumbuka, Chindali ndi Chisukwa, n'kulemba dzina lililonse pamodzi ndi mbalame yake yeniyeni, ndi ntchito yofunika kuigwira akuluakuluwo adakalipo.

Zonsezi zili ndi phindu lanji? Mbalameyo ikudziwa kuti yasinthidwa dzina?

Siikudziwa, koma dzinalo limaweruza tsogolo lake. Mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza chilengedwe, wa zamoyo zimene zili pangozi umawerenga mitundu, ndipo ndalama ndi chidwi cha oteteza chilengedwe zimatsata mndandandawo. Apalis wa ku Mulanje ndi Zomba akakhala nthambi ya thoracica, amamira m'gulu lofala mpaka ku South Africa limene palibe akulidera nkhawa. Akaima payekha, amaoneka mmene alilidi: mbalame ya mapiri atatu, imene IUCN inaiika pa gulu la zimene zili pangozi yaikulu yotha. Ichi ndicho chifukwa chimene ndinalonjeza chija. Pamene umboni uli pakatikati, kulakwitsa powapatula kumangofuna kukonza buku, pomwe kulakwitsa powaphatikiza kungatayitse chinthu chosabwezeka.

Ndipo nkhalangozo zikutha tikuona. Ya pa phiri la Ndirande inapita m'zaka za m'ma 1990. Ya pa phiri la Thyolo, komwe kunachokera dzina la mbalame ija, inadulidwa pafupifupi yonse chakumapeto kwa zaka zomwezo ndi kuchiyambi kwa za m'ma 2000, n'kutsala kachigawo ka m'minda ya tiyi. Odulawo ndi anthu osowa malo olima ndi nkhuni, m'boma limene malo ndi ochepa kwambiri, choncho kungowaloza chala sikubweza mtengo ndi umodzi womwe. Thyolo Alethe anapumako pamene nkhalango yaikulu ya pa phiri la Mabu ku Mozambique inadziwika kwa asayansi mu 2005 kudzera pa zithunzi za Google Earth, ndipo ulendo wa mu 2008 unapeza kuti mbalameyi iliko yambiri. Mu 2024 Julian Bayliss ndi anzake anafotokoza mapiri a kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique ngati dera limodzi la chilengedwe lapadera, ndipo anapeza kuti kuyambira mu 2000 derali lataya 18 peresenti ya nkhalango zake zachinyezi zachilengedwe.

Kodi timbalameti sititsika m'phiri n'komwe?

Tina timatsika. Pogonocichla stellata, wa mutu wabuluu motuwira, mimba yachikasu ndi kadontho koyera pakhosi, amaswera pamwamba nthawi ya dzinja, koma ena amatsikira m'nkhalango za m'munsi ndi za m'mbali mwa mitsinje nyengo yozizira. Mbalame zoyenda chonchi sizigawikana mitundu msanga ngati zongokhala malo amodzi. Zimafunanso nkhalango ziwiri, ya pamwamba ndi ya m'munsi, ndipo ya m'munsiyo ndi imene imayamba kudulidwa.

Ine wongoyamba kumene ndingathandizepo chiyani?

Yambani ndi makutu. Pitani m'mamawa, pakati pa September ndi December pamene zambiri zikuimba pokonzekera kuswa, khalani malo amodzi osayendayenda, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza linthumbu likudutsa m'nkhalango, imani chapatali pang'ono n'kudikira, chifukwa mbalame zobisala zimatulukira pamenepo. Foni wamba imatha kujambula mawu omveka bwino. Lembani tsiku, malo enieni ndi kutalika kwa pamene muli, kenaka ikani mawuwo pa tsamba la pa intaneti la xeno-canto ndipo zimene mwaona pa la eBird. Nyimbo zojambulidwa m'mapiri osayendedwa kawirikawiri, monga Malosa, Ntchisi ndi Misuku, ndizo ofufuza amazifuna poyerekeza magulu a mapiri osiyana. Ngati mukuimba nyimbo pa sipika kuti mbalame ibwere, chitani kamodzi kapena kawiri n'kuzimitsa, makamaka nthawi yoswa, chifukwa tambala amasiya chisa n'kumalimbana ndi mdani amene kulibe. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi nthambi m'mizinda ingapo, ndipo kumeneko mungapeze anthu oyenda nawo amene nyimbozi anazizolowera kale.